Mantha okana kumva nzeru

M'chaka cha 2015, bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, linabaya katemera wa chiwewe agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Ntchitoyi inayambika chifukwa madokotala a ku Gulupu ankaona ana akumwalira ndi chiwewe, matenda amene munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro zake sapulumukanso. Choncho mayi wa ku Ndirande kapena ku Bangwe akamaletsa mwana wake kuseweretsa galu wosamudziwa, sakumuopseza pachabe. Mantha amenewo ndi oyenera, ndipo apulumutsa ana ambiri.

Koma pali mwana wina amene mantha ake anapitirira pamenepo. Iyeyu amadzera njira yozungulira popita kusukulu, kutsikira kumtsinje n'kukweranso chitunda, chifukwa panjira yachidule pali nyumba yoweta galu. Galuyo ndi womangirira, ndi wokalamba, mwinanso anabayidwa katemera, ndipo mwanayo zonsezi akuzidziwa. Mukamufunsa amavomera kuti galuyo sangamulume. Komabe akangomva kuuwa, mtima umathamanga, m'manja mumatuluka thukuta, mawondo amafooka, ndipo nzeru zonse zija zimamuthawa. Amafika mochedwa, amalangidwa kusesa, ndipo sanena chifukwa chake poopa kuti anzake amuseka.

Mantha otere akatswiri amawatcha fobiya. Ife amene tikuphunzira za uphunzitsi tiyenera kuwadziwa bwino, chifukwa nthawi zambiri amayamba munthu ali kupulayimale. Kafukufuku wa bungwe la WHO amene anachitika m'mayiko 22, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anapeza kuti anthu oposa 7 mwa 100 alionse amakhalapo ndi mantha a mtundu umenewu pa moyo wawo. Akazi amachuluka kuwirikiza kawiri kuposa amuna, ndipo kwa theka la anthuwo vutoli limakhala litayamba kale pofika zaka 8. Zaka 8 ndiye mwana wa Sitandade 2 kapena 3. Tikakumbukira kuchuluka kwa ana m'makalasi a m'malokeshoni mwathumu, n'zodziwikiratu kuti mwana ameneyu tidzakumana naye, mwina pa teaching practice pomwe.

Si mantha alionse aakulu amene ndi fobiya. Madokotala amayang'ana ngati manthawo akuposa kutali ngozi yeniyeni imene ilipo, ngati amabwera nthawi iliyonse munthu akaona chinthucho kapena akangochiganizira, komanso ngati atenga miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Chachikulu koposa n'chakuti kodi akusokoneza moyo wa munthuyo? Wina amene amanyansidwa ndi bongololo koma n'kumusesera panja alibe vuto. Wina amene wasiya kupita kuchimbudzi chakusukulu, n'kumadzigwira mpaka kuweruka chifukwa anaonamo nalimata, ameneyo ali pa vuto.

Mlonda wa mu ubongo

Mkati mwa ubongo, cha kufupi ndi makutu, muli tiziwalo tiwiri tating'ono, kamodzi mbali iliyonse, tokula ngati njere yaikulu ya mtedza. Dzina lake ndi amigidala. Ntchito yake tingaifanizire ndi mlonda wa usiku amene ali ndi wenzulo pakamwa. Akamva kuti tswa kuseri kwa mpanda, sayamba wapita kukaona ngati ndi mbava kapena mphaka. Amaliza kaye wenzulo, kufufuza kumabwera pambuyo.

Joseph LeDoux, katswiri wa za ubongo wa ku New York, anasonyeza pofufuza makoswe kuti uthenga wa zimene khutu lamva ungafike kwa mlondayu kudzera njira ziwiri. Ina ndi yachidule: ndi yothamanga kwambiri koma uthenga wake ndi wosamveka bwino. Ina imadzera kaye mbali za ubongo zimene zimasanthula zinthu bwinobwino, n'chifukwa chake imachedwerapo. Ambirife tinadumphapo usiku titaona chidutswa cha mphira wa njinga panjira, n'kuzindikira tili kale patali kuti sinali njoka. Thupi linadumpha nzeru zisanafike. Ndipo m'pake. Kudumpha mphira kakhumi sikupha munthu, koma kuponda mphiri kamodzi kokha n'kokwanira.

Wenzulo ikalira, tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi madzi otchedwa adirenalini. Mtima umagunda mofulumira kuti magazi afike msanga m'miyendo ndi m'mikono. Kupuma kumathamanga. Ntchito yogaya chakudya imaima kaye, n'chifukwa chake pakamwa pamauma ndipo m'mimba mumabwadamuka. Thukuta limatuluka. Zonsezi n'zokonzekeretsa munthu kuthawa kapena kumenyana, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene munthu amachita kufuna. Mphunzitsi wouza mwana wonjenjemera kuti "tasiya zimenezo" ali ngati akumuuza kuti aletse tsitsi lake kumera.

Chimene chimaletsa wenzuloyo ndi mbali yakutsogolo ya ubongo, ya kuseri kwa chipumi. Ndi imene imayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Ayi, ndi mphira chabe, bwerera ukagone." Mbali imeneyi imachedwa kukhwima, imapitiriza kukula mpaka munthu atadutsa zaka 20, zimene ifeyo mwina sitingakonde kumva. Mwa munthu wa fobiya, zithunzi zojambula ubongo zimaonetsa kuti amigidala imagwira ntchito mwamphamvu kwambiri akaona chinthu chimene amaopacho, ndipo mawu otonthoza ochokera kutsogolo kuja sakwanitsa kuiletsa. Munthuyo si wopusa. Akudziwa zoona zake, koma kudziwako kukufika mochedwa, wenzulo italira kale.

Pali mayi wina wa ku America amene mabuku a sayansi amangomutchula kuti S.M. Matenda osowa kwambiri otchedwa Urbach-Wiethe anamuwonongera amigidala mbali zonse ziwiri. Matendawa, ngakhale ndi osowa padziko lonse, amapezeka mochulukirapo m'dera la Namaqualand ku South Africa. Ofufuza a ku yunivesite ya Iowa analemba mu 2011 kuti atapita naye kusitolo yogulitsa njoka ndi akangaude, mayiyu ananyamula njoka n'kumaisisita, ndipo ankachita kumuletsa kuti asagwire zina zoopsa. Usiku wina munthu anamuloza ndi mpeni pakhosi m'paki, koma mawa lake anadutsanso pomwepo. Tisamusirire. Kusowa mantha kwamuika m'mavuto kambirimbiri. Chodabwitsa n'chakuti mu 2013, atamupumitsa mpweya wokhala ndi carbon dioxide wambiri, anachita mantha oopsa. Ndiye kuti amigidala si gwero la mantha onse; imalondera makamaka zoopsa zochokera kunja kwa thupi. Phunziro lake kwa ife n'lakuti cholinga cha chithandizo si kuchotsa mlonda, koma kumuphunzitsa kusiyanitsa mbava ndi mphaka.

Nanga n'chifukwa chiyani ena okha?

Mbali ina ndi ya kumtundu. Mu 1992, Kenneth Kendler ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atafunsa amayi amapasa oposa 2,000 a ku Virginia. Amapasa ofanana ndendende ankagwirizana pa nkhani ya mantha kuposa amapasa osafanana, ndipo powerengera anapeza kuti chibadwa chimathandizira pafupifupi magawo 30 mpaka 40 pa 100 a kusiyana kwa anthu pa vutoli. Palibe amene amabadwa akuopa galu wa kwa a neba. Chimene munthu amatengera ndi mlonda wosachedwa kudzidzimuka. Magawo otsalawo, omwe ndi ochuluka, amachokera ku zimene munthu wakumana nazo.

Apa pali funso lochititsa chidwi. Zinthu zimene zimavulaza anthu tsiku ndi tsiku mu Blantyre ndi minibasi, njinga zamoto za kabaza, mawaya a magetsi olumikiza mwachinyengo, ndi mbaula yosiyidwa m'nyumba yotseka. Koma ndi angati amene amakomoka akaona soketi? Amene amaopa njoka, akangaude, mdima, malo okwera ndi mabingu ndiye ali mbwee. Mu 1971, Martin Seligman anapereka maganizo akuti ubongo wa munthu umabwera uli wokonzeka kale kuphunzira msanga kuopa zinthu zina, zimene zakhala zoopsa kwa anthu kuyambira kalekale, pamene kuopa zinthu zatsopano umaphunzira movutikira.

Amene anayesa maganizowa mwaluso ndi Susan Mineka ndi Michael Cook, ku Wisconsin, m'zaka za m'ma 1980. Anyani obadwira m'nyumba zofufuzira, amene anali asanaonepo njoka, sankaiopa. Ankatha kutambasula mkono pamwamba pa njoka kuti atenge chakudya. Koma atangoonerera anyani ogwidwa kutchire akukuwa ndi kuthawa njoka, nawonso anayamba kuiopa, ndipo manthawo anakhalitsa. Kenaka ofufuzawo anasintha kanema mwaukatswiri kuti azioneka ngati nyaniyo akuopa maluwa. Anyani oonerera aja sanaope maluwa. Anayesanso ndi chidole cha kalulu, osatheka. Ndi chidole cha ng'ona, zinatheka. Kukonzeka kunalipo kale, koma kunkadikira wina woti aonetse chitsanzo.

Nkhaniyi ikutikhudza ife mwachindunji. Mwana safunika kulumidwa kuti aope. Stanley Rachman anafotokoza mu 1977 kuti mantha amalowa pa makomo atatu: kukumana ndi choopsacho iwe mwini, kuona wina akuopa, ndi kungouzidwa. Khomo loyamba ndi lija la mwana Albert amene timamuwerenga m'maphunziro a saikoloje, amene John Watson ndi Rosalie Rayner anamuchititsa kuopa khoswe woyera mu 1920 pomenya chitsulo kumbuyo kwake nthawi iliyonse akamugwira. Koma makomo enawo ndi amene ali otsegula kwambiri kwathu kuno. Taganizirani za nanzikambe. Kanyamaka kalibe ululu, kamayenda ngati kakuwerenga mapazi, ndipo kakaona munthu kamangofuna kubisala. Komabe akuluakulu ambiri, amuna a ndevu zawo, sangayerekeze kukagwira. Anawaluma ndani? Palibe. Anaona amayi awo akukuwa, anamva nthano za agogo, basi. Mphunzitsi akakwera padesiki chifukwa khoswe walowa m'kalasi, waphunzitsa phunziro limene ana ena adzalikumbukira kuposa masamu a tsikulo.

Chimene chimadyetsa mantha

Ana ambiri amalumidwapo ndi galu koma mantha awo amazilala okha. Amene amasanduka fobiya ndi amene apeza chakudya, ndipo chakudya chake ndi kuthawa. Izi anazifotokoza O. H. Mowrer kalekale m'zaka za m'ma 1940. Mwana uja akafika pamphambano n'kusankha njira yozungulira, mtima umakhala m'malo nthawi yomweyo. Mpumulo umenewo ndi mphotho, ndipo chilichonse chimene chalandira mphotho chimabwerezedwa. Choipa kwambiri n'chakuti ubongo umatanthauzira molakwa: "Ndapulumuka chifukwa ndazungulira." Supeza mpata woona kuti akanadutsa panjira yachidule, palibe chikanachitika. Tsiku lililonse limene wazemba, mlonda uja amatsimikiza kuti ankanena zoona.

Ndiye taonani mmene timalakwira pofuna kuthandiza. Makolo achifundo amati, "Musiyeni, azidzera kwinako," mwinanso amatuma mkulu wake kuti azikathamangitsa galu. Chifundo chimenecho chikudyetsa manthawo. Ena amatenga njira ya nkhanza: kumukokera pa galu kuti "azolowere", kapena kumuponyera nalimata pamalaya anzake akuseka. Mwanayo amalimbana, amapulumuka mantha ali pachimake, ndipo waphunzira zinthu ziwiri zatsopano: kuti chinthucho n'choopsadi, komanso kuti akuluakulu si odalirika. Palinso ena amene amathamangira kunena kuti amulodza, kapena kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Ife sitikuona kuti mawu amenewa amachiritsa aliyense. Amangowonjezera manyazi pamwamba pa mantha, ndipo munthu wamanyazi amabisa vuto lake m'malo mopempha thandizo. Kupemphera naye kuti alimbe mtima pokayang'anana ndi chimene amaopa n'kosiyana kwambiri ndi kumuimba mlandu chifukwa choti mtima wake ukugunda.

Makwerero

Nkhani yabwino ndi yakuti mwa mavuto onse a m'maganizo, fobiya ya chinthu chimodzi ili m'gulu la osavuta kuchiza, ndipo njira yake inadziwika zaka 100 zapitazo. Mu 1924, Mary Cover Jones analemba za mwana wa zaka pafupifupi 3, dzina lake Peter, amene ankaopa kalulu woyera. Jones ankaika kalulu m'khola patali pamene Peter akudya chakudya chimene ankachikonda, ndipo tsiku ndi tsiku ankasendeza kholalo pafupi. Ankabweretsanso ana ena osaopa kuti azisewera ndi kaluluyo Peter akuona. Pomaliza Peter ankamusisita yekha.

Amene anaikonza njirayi kuti ikhale chithandizo chenicheni anali wa kuno kummwera kwa Africa. Joseph Wolpe anabadwira ku Johannesburg mu 1915. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anali dokotala wa asilikali, ndipo anakhumudwa poona kuti njira za nthawi imeneyo, zofukula zakale za munthu, sizinkathandiza asilikali obwera ndi mantha kuchokera kunkhondo. Atabwerera ku yunivesite ya Witwatersrand anayamba kufufuza amphaka. Mphaka amene anagwidwapo ndi magetsi m'khola ankakana kudyeramo ngakhale njala itamupweteka. Wolpe ankamudyetsera m'chipinda china chosafanana kwenikweni ndi choyambacho, kenaka china chofananirapo, mpaka mphakayo anayambanso kudyera m'khola lomwe lija. Buku lake lofotokoza njirayi linatuluka mu 1958.

Masiku ano chimake cha chithandizo n'chomwecho: kuyandikira chimene ukuopa pang'onopang'ono, mwa kufuna kwako, n'kukhalapo osathawa. Wothandiza ndi wodwala amakhala pansi n'kupanga makwerero. Pa sitepe iliyonse wodwalayo amanena kukula kwa mantha ake, kuyambira 0 mpaka 100, muyezo umene anayambitsa Wolpe yemweyo. Kwa mwana woopa galu uja, sitepe yoyamba ingakhale kuona chithunzi cha galu m'buku. Kenaka kanema wa galu akuuwa pafoni, mawu ali otsika, kenaka okweza. Ikatero, kuima kutsidya kwa msewu n'kumayang'ana galu womangirira, wodziwika, wobayidwa katemera, mwini wake ali pomwepo. Kenaka kuyandikira mamita khumi, asanu, awiri. Kuona mnzake akumusisita. Kumugwira kumsana mwini wake atagwira chingwe. Pamwamba penipeni pa makwererowo pali chimene chinatibweretsa: kudutsa yekha panjira yachidule ija.

Lamulo lake n'lakuti pa sitepe iliyonse akhalepo mpaka chimene ankayembekezera chilephere kuchitika. Asanayambe, wothandiza amamufunsa kuti, "Ukuganiza kuti chichitike n'chiyani?" Mwanayo amati, "Adula chingwe n'kundilumphira." Pakatha mphindi khumi amamufunsanso: "Nanga wadula?" Kusiyana kwa zimene ankayembekezera ndi zimene zachitika ndiko kumaphunzitsa ubongo. Thupi nalonso silingathe kukhala pa liwiro la adirenalini mpaka kalekale. Mtima umayamba kutsika wokha, ndipo munthu amazindikira kuti manthawo, ngakhale ndi owawa, sakumupha. Mantha a pa sitepe iliyonse si chizindikiro chakuti chithandizo chalephera. Popanda manthawo palibe chimene ubongo ungaphunzire.

Pa makwerero omwewo mwana aphunzitsidwenso chenicheni chokhudza agalu: kuti asathamange galu akamuuwa koma aime chilili manja ali m'mbali, kuti asayandikire galu amene akudya kapena ali ndi ana, ndiponso kuti akalumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Sitikufuna kupanga S.M. wa ku Machinjiri.

Kodi zimatenga nthawi yaitali bwanji? Lars-Göran Öst wa ku Sweden anaonetsa mu 1989 kuti kwa anthu ambiri makwerero onse angathe kukweredwa pa tsiku limodzi, m'maola osaposa atatu, motsogozedwa ndi katswiri. Mwa odwala ake oyambirira, 9 mwa 10 alionse anali adakali bwino patapita zaka pafupifupi zinayi. Munthu amene wazunzika zaka 15 kumva kuti vuto lake lingachepe pa masana amodzi, zimamuvuta kukhulupirira.

Pali chenjezo limodzi lochokera ku sayansi ya ubongo. Chithandizochi sichifufuta mantha akale. Chimalemba phunziro latsopano pambali pa lakalelo, ndipo mbali yakutsogolo ija imaphunzira kusankha latsopanolo. Koma phunziro latsopanoli limakonda kumamatira pamalo pamene linaphunziridwa. Mwana amene wazolowera galu wakuda wa ku Chilomoni masana angadzidzimukenso ndi galu wofiira wa kumudzi madzulo. Zikatero si kuti zonse zapita m'madzi. Mankhwala ake ndi kubwereza ndi agalu osiyanasiyana, malo osiyanasiyana, nthawi zosiyanasiyana. Ife a zamaphunziro izi si zachilendo kwa ife: mwana amene amangodziwa samu ikalembedwa monga mmene inalili pabolodi sanaidziwebe.

Mantha a jakisoni ali ndi khalidwe lawolawo

Mu 2018, ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, a miyezi 9 mpaka zaka 12, analowa nawo m'kafukufuku wa katemera watsopano wa taifodi. Katemerayo atapezeka kuti amateteza, mu May 2023 anaperekedwa kwa ana m'dziko lonse. Ntchito zotere zimadalira kwambiri masukulu, monganso a Malawi Blood Transfusion Service amadalira ophunzira a kusekondale kuti apeze magazi. Ambirife tikukumbukira galimoto yawo itaima pabwalo la sukulu, ndi mnzathu wina, nthawi zambiri wamphamvu zake ndithu, amene anangoti gwa pansi asanabayidwe n'komwe.

Kukomoka kumeneku n'kosiyana ndi fobiya zina. Munthu woopa njoka sakomoka kawirikawiri, chifukwa magazi ake amakhala akuthamanga kwambiri. Koma kwa anthu ambiri oopa magazi, mabala ndi singano, thupi limachita zinthu ziwiri motsatizana. Poyamba mtima umathamanga ngati mwa wina aliyense. Kenaka mwadzidzidzi umatsika liwiro, mitsempha imatakasuka, magazi amatsikira kumiyendo, ubongo umaperewera magazi, maso amachita mdima, munthu n'kugwa. Khalidweli limayenda kwambiri m'mabanja. Kumuuza munthu wotere kuti amasule thupi n'kupuma pang'onopang'ono kungathe kufulumizitsa kugwako.

Öst yemwe uja, mu 1987, anakonza njira yotsutsana ndi kumasula thupi. Munthu amakhala pampando n'kulimbitsa minofu ya m'mikono, pachifuwa ndi m'miyendo kwa masekondi 10 mpaka 15, mpaka amve kutentha kumaso. Kenaka amasiya kwa masekondi 20 mpaka 30, osati kulefukiratu koma kubwerera mwakale, n'kuyambiranso, kasanu. Kulimbitsako kumakankhira magazi kumutu. Akaizolowera njirayi kunyumba kwa masiku angapo, amaigwiritsa ntchito pokwera makwerero ake: chithunzi cha singano, singano yeniyeni ili m'pepala lake, kuonerera wina akubayidwa, mpaka iye mwini. Pobayidwapo, mkono wobayidwawo aumasule, alimbitse kwinako. Ndi chinthu chimene mphunzitsi angaonetse kalasi yonse m'mphindi zisanu kutatsala tsiku limodzi kuti a zaumoyo abwere. Phindu lake si laling'ono, pakuti munthu woopa singano amazemba katemera, amazemba kuyezetsa magazi, ndipo mayi woyembekezera angazembe sikelo.

Za mapiritsi tinene mwachidule. Mankhwala ogonetsa mtima monga diazepam amaziziritsa mantha kwa maola ochepa, koma sachiza fobiya. Ubongo umangoti, "Ndapulumuka chifukwa cha piritsi," ndipo uku ndi kuthawa komwe kuja kutavala malaya ena. Amayambitsanso chizolowezi choti munthu sangakhale osamwa. Mowa ndi chimodzimodzi. Pali mavuto ena a nkhawa amene dokotala amaperekera mankhwala oyenera, koma imeneyo ndi ntchito ya dokotala, osati ya mnzathu wa m'hositelo amene ali ndi mapiritsi otsala.

Pamene makwerero a mphunzitsi ayenera kulekera

Mu March 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula ya masiku angapo osalekeza, ndipo matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Madera ena a mzindawu nawonso anaonongeka, masukulu anasanduka misasa ya anthu osowa pokhala, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Ana amene anali kupulayimale nthawi imeneyo ndi amene tidzawapeze m'makalasi athu.

Mwana wotere akamanjenjemera mvula ikayamba kulira pamalata, zingaoneke ngati fobiya ya mabingu, ndipo mlonda wake ndi yemwe uja. Koma apa tisamale. Mantha ake sakuposa ngozi imene anaiona, anaona zenizeni. Ngati akulota zoopsa usiku ndi usiku, ngati masana zimamubwerera ngati zikuchitikanso, ngati wasiya kusewera, amadzidzimuka ndi chitseko chomenyetsedwa, kapena wayambanso kukodza pogona, limenelo ndi bala la m'maganizo lobwera ndi tsoka lalikulu, ndipo chithandizo chake n'china. Kumuimika pamvula kuti azolowere, kapena kumukakamiza kufotokozera kalasi zimene anaona, kungathe kutsegula balalo popanda wolitseka. Chimodzimodzi mwana amene amaopa munthu wina wake, chipinda china chake, kapena kubwerera kunyumba. Ameneyo asapangiridwe makwerero. Pafunika kufufuza chimene chikumuchitikira.

Ntchito yathu pamenepa ndi kuona, kufunsa mwakachetechete ana ena atatuluka, kulankhula ndi makolo, ndi kulozera njira. Poyambira ndi chipatala chaching'ono cha m'dera, monga cha Ndirande, Bangwe, Chilomoni kapena Zingwangwa, kumene angatumize mwanayo ku Gulupu, komwe kuli gawo loona za matenda a m'maganizo. Makolo ambiri akamva mawu amenewa amaganiza za ku Zomba n'kubwerera m'mbuyo, poopa kuti anthu anena kuti mwana wawo wapenga. Ndi bwino kuwauza poyera kuti wa fobiya sagonekedwa m'chipatala, amapita n'kubwerako tsiku lomwelo. Tiwathandizenso kukonzekera zokanena kwa adokotala, pakuti mzere umakhala wautali ndipo nthawi ndi yochepa: chimene mwanayo amaopa, pamene zinayambira, zimene thupi lake limachita, ngati anakomokapo, ndi zinthu zimene wasiya kuchita chifukwa cha manthawo. Mphunzitsi atalemba zimenezi pakapepala, limodzi ndi masiku amene mwanayo wajomba kapena kuchedwa pa temu imeneyo, mayi ake akhoza kungokapereka.